Kabotolo Kamene Kanatsala

A Gerald, mkulu wa labu yathu ku Lilongwe, atiuza kuti aliyense alembe mbiri yake m'mawu 150 yoti ikaikidwe pa tsamba lathu la pa intaneti: unachokera kuti, unaphunzira chiyani, ukufufuza chiyani. Anzanga anamaliza kalekale. Ine ndatha masabata atatu ndikungoiyang'ana kompyuta ngati inandilakwira.

Ya a Gerald ndi yosalala ngati mwini wake. Akuti anakulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, anakaphunzira ku Ulaya, ndipo amafufuza mmene selo imadulira ndi kulumikiza RNA isanaitume kukagwira ntchito, komanso mmene kudula kolakwika kumayambitsira khansa ya m'magazi. Mphatso, mtsikana wa ku Ntcheu yemwe amatsata RNA ya kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, walemba kuti ali mwana ankaphwasula mawailesi a amalume ake kuti aone anthu olankhula m'katimo. Ruth, namwino wathu, walemba mizere itatu yokha n'kunena kuti amene akufuna zambiri abwere adzamufunse.

Dzana a Gerald anandipeza ndikumwa tiyi.

"Koma a Consolata, yanu ndiye yosavuta," anatero. "Ingolembani kuti bambo anu anamwalira ndi khansa ya kummero, n'chifukwa chake munadzipereka pa ntchitoyi. Anthu otithandiza amakonda nkhani zotere."

Panangotsala pang'ono kuti ndiwathire tiyi uja pamalaya. Si munthu woipa, ndikudziwa. Koma limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza londikometsera ine, lomwe ndi loipa koposa. Khansa ya kummero ndinayamba kuifufuza zaka zisanu ndi zitatu bambo anga asanadwale. Matendawa atalowa m'nyumba mwathu anandipeza ndili kale katswiri wake, ndipo sindinawazindikire.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, chifukwa anthu akamva RNA amaganiza kuti ndi dzina la bungwe. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'selo iliyonse muli DNA, yomwe ili ngati buku lalikulu la malangizo losatuluka m'nyumba. RNA ndi timakalata tokopedwa m'bukulo, totumizidwa kukauza selo choti ichite, ndipo tikangowerengedwa timang'ambidwa. Selo ikayamba kusanduka khansa imalemba timakalata tachilendo, ndipo tina timagwera m'malovu. Ine ndimafuna kuti tsiku lina munthu wa kumudzi adzangolavulira m'kabotolo, ife n'kudziwa kuti kummero kwake kwayamba vuto iye asanayambe kuonda. Vuto la RNA ndi lakuti sichedwa kuwonongeka. Malovu akangotentha pang'ono, ntchito yonse yapita m'madzi.

Sindinasankhe ntchitoyi chifukwa cha chifundo. Nditamaliza digiri yoyamba panapezeka mwayi wa maphunziro ku Joni, ndipo mwayiwo unali wa RNA ndi khansa ya kummero. Ukanakhala wa mphutsi za m'nthaka ndikanapitanso. Ndinali mwana wa mlimi wa fodya wa ku Chiosya, ndipo fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Bambo anga, a Eneya Mbewe, anali munthu wanthabwala panjira koma wamwambo pakhomo. Chibadwireni sindinawaonepo akudya. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda kosungiramo njinga, makasu ndi jeke yodindira fodya, ndipo m'menemo ndi mmene munali tebulo lawo. Mayi anga, a Luwiza, ankalowa ndi mbale zovindikira, kugwada, kuika, n'kutuluka atakoka chitseko. Ife akazi tinkadyera kukhitchini. Mchimwene wanga Aleck ankadya nawo asanachoke pakhomo, koma atapeza ntchito yothandiza madalaivala a mathiraki kukonza mapepala a katundu pa boda ya Mchinji, ankangobwera panjinga yamoto Lamlungu, kupereka moni, n'kubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Wotsala wololedwa kulowa m'kachipindamo nthawi ya chakudya anali galu wawo, Mungatani.

Palibe amene ankaona ngati ndi nkhanza. Unali ulemu, ndipo ine ndinkanyadira kuti ngakhale ndakwera ndege, pakhomo pa bambo anga ndimagwadabe.

Chaka chatha mu Meyi tinapita kwathu ku Chiosya ndi timabotolo 400. Ndinachita kulimbana ndi a Gerald kuti kafukufuku akachitikire kumeneko, chifukwa ndinkafuna anthu akwathu aone kuti mwana wa a Mbewe sanapite kusukulu kukasewera. Tinamanga tenti pabwalo la tchalitchi. Munthu akafika, Ruth kapena ine tinkamufotokozera zonse, iye n'kusaina kapena kudinda chala, kenako tinkamufunsa mafunso a papepala, n'kumupatsa kabotolo kuti alavuliremo. Funso la nambala 9 linali lakuti, "Kodi mumavutika kumeza chakudya?" Pambali pake panali muvi ndi mawu akuti woyankha kuti eya atumizidwe msanga ku Lilongwe akamuunike kummero, galimoto ndi yathu. Funsolo ndinalilemba ndekha, ndipo pamasiku asanu ndi anayi ndinalifunsa mpaka ndinkalilota.

Masiku onsewo ndinkagona kwathu. Ndinaona kuti bambo aonda, jekete lawo la kutchalitchi likuwalendewera m'mapewa. Ndinafunsa mayi tikuthothola mtedza.

"Amama, ababa akudya bwino koma?"

"Mbale zimabwera zoyera, mwana wanga. Amangoti ndiziphika yofewa, mano akuwavuta. Nanga mlimi wa fodya anayamba wanenepa mwezi uno? Dikira agulitse, uwaona."

Yankholo linandikwanira chifukwa ndinkafuna kuti lindikwanire. Ndinkadzuka m'mawa mutu uli pa ayisi, pa mafuta a galimoto, pa malemba a timabotolo. Tsiku lina ndinapunthwa pa Mungatani atagona pakhomo, ndipo ndinaseka kwambiri. Galuyo anali atanenepa mpaka khosi kusowa.

"Ababa, galu wanuyu mwamuika pa malipiro a boma kapena?" ndinafunsa.

"Ndi bwana ameneyu, a Dokotala," anayankha akumusisita kumutu. "Ife ndi antchito ake."

Tonse tinaseka, mayi nawonso. Ine ndinaseka kuposa onse, ndi madigiri anga atatu.

Tsiku lomaliza linali Lachisanu. Dzuwa linali litaswa mtengo, ayisi m'mabokosi anali atayamba kusanduka madzi, ndipo dalaivala ankangoyang'ana wotchi. Tinayenera kufika ku Lilongwe malovu a tsikulo asanatenthe. Timabotolo tinatsala titatu. Nditadzutsa mutu ndinaona pabenchi pali amayi awiri, ndipo kumapeto kwake pakhala bambo anga, atavala jekete lija, chipewa chili pabondo.

Ndinachita manyazi, ndinene zoona. Ndinaganiza kuti abwera kudzaonetsa anzawo kuti mwana wawo ndi bwana. Ndinapita n'kukagwada pambali pawo.

"Ababa, mwadzatani padzuwa pano?"

"Ndati ndidzaone ntchito ya a Dokotala. Anthu akuti mukugula malovu kuti mukagulitse kwa azungu."

"Amenewo ndi mabodza a anthu a kumowa. Sitikugula, sitikugulitsa."

"Ndikudziwa, Nambewe, ndimangokuseka." Anatembenuza chipewa chija kawiri. "Nanga ife okalamba simukutifuna?"

"Tikuwafuna, koma osati inu. Inu ndinu bambo anga. Ndingakupatseni bwanji kabotolo kuti muzilavula pamaso panga, anthu onsewa akuona? Adzati mwana wa a Mbewe sukulu inamuzunguza mutu."

Anagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru. Kenako analoza mapepala omwe ndinali nawo m'manja.

"Mafunsowo ndi ovuta?"

"Ayi, ndi apafupi. Zaka zanu, ngati mumasuta, ngati mumamwa, zimene mumadya. Zonsezo za inu ndimazidziwa kale. Pitani mukapume, ndikupezani ndikamadzatenga chikwama."

Ruth anandikodola n'kundinong'oneza. "A Dokotala, bwanji ndiwatengere kuseri kwa tenti ndikawafunse ine? Ine si mwana wawo."

"Ayisi akusungunuka, Ruth. Maliza amayi awiriwo tizipita. Awa ndidzawafunsa ndekha kunyumba."

Bambo anaimirira pang'onopang'ono, anavala chipewa, n'kuuyamba wa kunyumba, galu wonenepa uja akuwatsata pambuyo. Nditapita kukatenga chikwama ndinapeza chitseko cha kachipinda chija chili chotseka. Mayi anati bambo akudya. Ndinatsanzikira panja, iwo anayankhira m'kati kuti ndiyende bwino. Tinafika ku Lilongwe malovu onse ali ozizira bwinobwino, ndipo a Gerald anatiyamikira. Kabotolo kamodzi kanatsala kopanda kanthu, ndipo ndinakaponya m'dilowa ya tebulo langa.

Mwa anthu 399 amene tinawafunsa, khumi ndi mmodzi anayankha kuti eya pa funso la nambala 9. Onse tinawatengera ku Lilongwe. Anayi anapezeka ndi khansa. Mmodzi mwa iwo anali a Jonasi, mnzawo wa bambo anga wa kuubwana, yemwe ankaimba nawo kwaya. Chotupa chawo chinali chisanafalikire, ndipo madokotala anachichotsa. Ndinakawaona ali m'chipatala, ndinawagulira nthochi, n'kubwerera ku labu ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika kwambiri m'dziko muno.

Lamlungu lililonse ndinkaimba foni kumudzi. "Tili bwino, kaya inu kutauniko," bambo ankatero, n'kuyamba kundiuza za mitengo ya feteleza ndi za mbuzi ya a neba yomwe yadya mbatata. Ine ndinkamvetsera ndi khutu limodzi, maso ali pa kompyuta. Miyezi isanu ndi umodzi inatha choncho. Ulendo wa ku Chiosya ndi wa maola awiri okha, koma nthawi zonse pankapezeka chifukwa.

Mu Novembala Aleck anandiimbira masana ndili pa makina. Kumbuyo kwake kunkamveka mathiraki.

"Iwe Konso, madala sakumeza."

"Mukuti chiyani, achimwene?"

"Dzulo ndinawatengera nsomba ya ku Chipata. Ndinati lero zivute zitani tidyera limodzi, ndinalowa m'chipinda muja osagogoda. Anayesa kukana, ati ndadya kale. Nditawaumiriza anatenga mbamu imodzi yokha. Inaima pakhosi, Konso. Anathamangira panja kukasanza, ndipo ngakhale madzi anabwerera. Wawaona liti iwe? Atsala mafupa okhaokha. Si ndiwe dokotala wa zimenezi?"

Aleck sanamalize ngakhale Fomu 4. Chimene ine ndinalephera kuona pamasiku asanu ndi anayi, iye anachiona pa mbamu imodzi, chifukwa analowa osagogoda.

Bambo tinawabweretsa ku Lilongwe mawa lake. Dokotala amene anawalowetsa kachubu ka kamera kummero ndi mnzanga, ndipo anandilola kuima pambali pake. Zithunzi zotere ndaziona zosawerengeka, ndimaziphunzitsa kwa ana a sukulu, choncho sipanafunike wina wondimasulira. Njira ya chakudya inali itatsala ngati kabowo ka udzu. Atawajambula thupi lonse anapeza kuti matenda afika kale kuchiwindi. Chimene madokotala akanatha kuchita chinali kuika kachubu kotsegula njira kuti azitha kumwa phala. Mnzangayo anandifunsa kuti zinayamba liti, ndipo ndinayankha kuti sindikudziwa. 

Bambo atatuluka m'chipatala anakhala kwanga milungu isanu. Mayi anabwerera kumudzi kukabzala, poti mvula sidikira wodwala. Nyumba yanga ndi yaing'ono, ilibe kachipinda kakuseri. Tsiku loyamba ndinawaikira phala patebulo n'kunyamula mbale yanga kuti ndikadyere kukhitchini, koma ndili pakhomo ndinaima. Ndinabwerera n'kukhala pampando woyang'anizana nawo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana phala, osandithamangitsa. Ndinali ndi zaka 38, ndipo kanali koyamba kuona bambo anga akuika supuni pakamwa. Ankagwira supuni ndi dzanja lamanzere. Ngakhale chimenecho sindinkachidziwa.

Pambali pa mpando wawo pankakhala chitini, chifukwa masiku ena ngakhale malovu ankawakanika kumeza. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi ndinalimba mtima.

"Ababa, zinayamba liti?"

"Nthawi yosoka fodya. Nyama inayamba kuima apa." Analoza pachifuwa. "Kenako nsima."

Kusoka fodya ndi mu Febuluwale. Ine ndinafika ndi tenti yanga mu Meyi.

"Nanga amama ankati mbale zimabwera zoyera?"

"Mungatani ndi mnzanga wosunga chinsinsi," anatero akumwetulira. "Sanaululepo kwa munthu."

Ine sindinaseke. Mtima unandiwawa, ndipo ukali unandikwera mpaka ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi ndani.

"Ndiye inu, munthu wamkulu, miyezi yonseyi kumadyetsa galu? Bwanji osanena? Mwana wanu akugwira ntchito ya matenda omwewa, mukumuona tsiku ndi tsiku, inu duu? Munkafuna ndilote?"

Anadikira kuti ndimalize. Analavulira m'chitini, n'kupukuta pakamwa ndi kansalu.

"Amayi ako ndikanawauza akanasiya kudya nawonso, umawadziwa. Koma iwe, Nambewe, ndinabwera paja."

"Munabwera kuti?"

"Patenti. Jonasi anandiuza kuti papepala lako pali funso la kumeza. Ndinati basi, mwayi ndi umenewu. Munthu wamkulu sungangoyamba wekha kuuza mwana wako wamkazi za kukhosi kwako, zimalemera pakamwa. Koma akakufunsa ali pantchito yake, pepala lili m'manja, umayankha. Ndinavala jekete n'kukakhala pamzere ngati wina aliyense."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinakumbukira chipewa chija akuchitembenuza pabondo, ndi mmene anafunsira ngati mafunso ali ovuta. Ndinawatchulira zaka, fodya, mowa, zakudya. Funso limodzi lokha limene anadzera ndinalidumpha, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinalidumpha chifukwa chofulumira kapena chifukwa chakuti mawu akuti kumeza sindikanatha kuwatchula pamaso pa bambo anga.

"Usalire," anatero. "Unandilemekeza. Tinakulera choncho ndi ife tomwe. Sindikukuda ayi."

Bola akanandikalipira. Mawu amenewo ndi amene amandipweteka kwambiri, chifukwa ndi oona. Sindinawanyoze, sindinawaiwale. Ndinawagwadira bwinobwino n'kuwabweza kunyumba.

Kenako anafunsa, "Timabotolo tako tija tinatha?"

"Kanatsala kamodzi."

"Ukabwere nako. Malovu ndiye alipo tsopano, ungadzaze ndowa. Mwina angathandize ena."

Mawa lake ndinabwera ndi Ruth, kabotolo kaja ndi pepala. Malamulo a kafukufuku safuna kuti ndizilemba ndekha wachibale wanga, choncho Ruth ndiye anawafotokozera zonse n'kuwasainitsa. Koma atafika pa mafunso, bambo anakweza dzanja.

"Inu anamwino muzilemba. Wofunsa akhale uyu."

Ndinatenga pepala. Ndinawafunsa zaka, anati 71. Ndinawafunsa ngati amasuta, anati fodya amalima koma sanamulawepo. Za mowa anati ndikafunse abusa. Ruth ankaseka uku akulemba. Tinafika pa nambala 9. Ndinakhosomola kawiri.

"Kodi mumavutika kumeza chakudya?"

Anakhala tsonga pampando, manja pamaondo.

"Eya, a Dokotala."

Pambali pa funsolo muvi uja unalipobe, ndi mawu anga omwe akuti wotere atumizidwe msanga. Ruth anaika chizindikiro m'kabokosi, n'kupitiriza kuyang'ana pepala nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira. Bambo anatenga kabotolo, analavuliramo pamaso panga, n'kundipatsa ndi manja awiri. Dziko silinagwe. Palibe amene anachita manyazi. Ntchito yonse inatenga mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo ayisi a tsiku lija akanatha kudikira mphindi khumi ndi ziwiri.

Titayeza malovu aja mu Januwale, timakalata titatu ta RNA timene ndakhala ndikutisaka zaka zonsezi tinaonekera kwambiri kuposa pa munthu wina aliyense. A Gerald, omwe amangoona manambala a timabotolo osati mayina, anabwera pa tebulo langa akuwomba m'manja.

"Nambala 400 ija mwaiona? Imeneyi ndiye sampulo yokongola."

Ruth anawakokera panja. Atabwerera, a Gerald anapepesa mpaka thukuta, ndipo kuyambira tsikulo amayesetsa kunditonthoza. Amati munthu akayamba kuvutika kumeza nthawi zambiri matenda amakhala atapita kale patali, ndiye ngakhale mu Meyi mwina sizikanathandiza. Ndikudziwa zimenezo, ndinazilembapo m'mapepala anga. Koma mwina ndi mwina basi. Miyezi isanu ndi umodzi ija ndi ine ndinaitaya, ndipo palibe makina mu labu yathu amene angandiuze kuti m'miyezi imeneyo munali chiyani.

Bambo anapempha kuti akafere kwawo. Anamwalira mu Febuluwale, fodya ali m'munda akudikira womuthyola. Pamaliro a Jonasi anaimba nawo kwaya, mawu awo ali osasa pang'ono koma akumveka. Titachoka kumanda anandipeza, anandigwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, ndili moyo chifukwa cha funso lako lija. Mulungu akudalitse. Koma mnzangayu ndinamuuza ine kuti apite akakuone. Kodi sanabwere?"

"Anabwera, agogo," ndinayankha.

Anadikira kuti ndipitirize. Koma anthu ena anali akubwera kudzandipepesa.

Ndiye a Gerald akufuna ndilembe kuti imfa ya bambo anga ndi imene inandilowetsa m'ntchitoyi. Anthu awerenge, amve chisoni, anene kuti mwana wabwino. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma apa amene sanafunse ndi ine, wodya phula n'kukhala wina. Dzulo ndinawatumizira mbiri yanga. Ndalemba kuti ndine Consolata Mbewe wa ku Chiosya m'boma la Mchinji, ndinaphunzira ku Zomba ndi ku Joni, ndipo ndimafufuza RNA ya m'malovu kuti khansa ya kummero izidziwika msanga. Ayankha kuti ndi yaifupi kwambiri, ndiwonjezereko chimene chimandilimbikitsa. Sindinawayankhe.

Chimene ndawonjezera chili pa pepala la mafunso. Tikamadzapita kudera la mfumu Zulu mwezi wamawa, pansi pa nambala 9 padzakhala funso lina lopita kwa a pabanja: kodi alipo amene amamuona munthuyu akudya? Mphatso akuti funsolo silikumveka ngati la sayansi. Ndamuuza kuti akapitirize kuphwasula mawailesi.

Loweruka lapitali ndinapita kumudzi kukaona mayi. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Fodya anathyola ndi Aleck ndi anthu a kutchalitchi, ndipo kachipinda kaja tsopano mayi amasungiramo matumba a chimanga. Tebulo likadali pomwepo. Tikucheza, Mungatani anatulukira kuseri kwa nyumba, ndipo poyamba sindinamuzindikire. Nthiti zonse zinali pamtunda. Anapita kukanunkhiza chitseko cha kachipindako, n'kugona pomwepo mutu uli pamiyendo.

Mayi anasiya kusenda n'kumuyang'ana.

"Wamuona galuyu? Chichokereni bambo ako kupita ku Lilongwe kuja anangoyamba kuonda. Ndimamupatsa makoko monga kale, koma ayi ndithu. Anthu amati nyama ilibe mtima, koma uyu akulira mbuye wake kuposa anthu ena."

Mayi sadziwa. Bambo sanawauze, Aleck sadziwa za galu, ndipo ine ndekha ndi amene ndinatsala ndi nkhaniyi. Miyezi isanu ndi inayi ankagwada ndi mbale zodzaza, n'kudzazitenga zoyera, mtima uli m'malo kuti amuna awo adya. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinayang'ana manja awo ali m'lichero.

"Eya, amama," ndinatero. "Akuwalira."

Ndinatenga mtedza wodzaza dzanja n'kuyamba kusenda nawo.